Buluzi Wopanda Mchira pa Mbale ya ku Faransa

Amuna anga, a Jailosi, atamwalira, bwana wawo anandiitana kusitolo yake ya zinthu zakale m'tauni. Ndinali ndi ana atatu ku Libuyu, dera la pafupi ndi malire a Rhodesia, sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Anandipatsa ntchito yopukuta katundu.

Zida zanga zinali nsalu yofewa, kaburashi ka mano ndi madzi ofunda. Sopo ayi. Mbale yadothi ndinkainyamula ndi manja awiri, osaigwira m'mphepete.

Pashelefu yapamwamba panali mbale yaikulu yobiriwira, yonyezimira ngati galasi, yokhala ndi nsomba, nkhono ndi buluzi zotumphuka ngati zamoyo. Bwana ankauza alendo kuti inaumbidwa ku Faransa kalekale, ndipo kapepala kake kankanena zomwezo. Tsiku limene ndinaitsitsa, ndinaizindikira. Buluziyo analibe mchira. Ndine ndinamugwira pakhoma la nyumba yathu, mchira n'kutsala m'dzanja langa, a Jailosi akufa ndi phwete. Anamuthira pulasitala kuti apange chikombole, n'kuumbiramo buluzi wadothi wa pambaleyo, kenako n'kuiwotcha m'ng'anjo ya kuseri kwa sitolo.

Ndinakhala chete miyezi inayi. Malire a Rhodesia anali otseka, alendo ochepa, ntchito yosowa.

Kenako kunabwera mayi wachizungu wodziwa mbale zakale, wobadwira kumishoni, Chinyanja chili pakamwa. Anaitembenuza, n'kuiunika ndi galasi lokulitsa zinthu.

"Utoto ukufanana," anatero, "koma nsomba ya mano otere ku Faransa kulibe. Amayi, muidziwa?"

Bwana anandiponyera diso. Ndinaganiza za ana anga. Ndinayang'ananso buluzi uja.

"Ni mcheni wa mu Zambezi," ndinayankha. "Anaumba ni ba Jailosi, amuna anga. Chidindo cha chala chawo chili pansi apo."

"Ba mayi, maliro yakusokonezani mutu," anatero bwana. "Endani kunyumba."

Mzunguyo sanagule. Anandifunsa dzina lonse la amuna anga n'kulilemba m'kabuku kake. Ine ntchito inathera pomwepo. Ndinapempha kuti ndiigwireko mbaleyo komaliza, bwana anakana. Patapita sabata ndinaiona pawindo, kapepala kali komweko.

Ana ndinawalera ndi tomato wa pamsika. Sindinganame kuti sindinadandaule, makamaka ufa ukatha. Koma mpaka lero, ndikanyamula mbale, mphika kapena mtondo, ndimautembenuza kaye n'kufunsa amene anaupanga. Kapepala aliyense angalembe. Chala chimene chinali pansi pa mbale ija ndinkachidziwa, chinandipukuta misozi zaka khumi ndi ziwiri.