Botolo la malata asanu

Loweruka lapitali ndinagula botolo la vinyo lomwe sindinkafuna, ndi ndalama zomwe sizinali za vinyo. Ndakhala sabata yonse ndikufuna womuloza chala, koma chalacho chikungobwerera kwa ine.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo anga, aNachisale, kwa Maganga. Fizi yanga yonse inachokera m'mbiya zawo za mowa wamasese. Chiyambireni ntchito ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono kuti ndiwafolerere nyumba ndi malata mvula isanagwe. Tsikulo ndinawatenga kuti tikagule malata khumi ndi awiri ku sitolo pa Salima, ndalama zili mu envulopu m'thumba la jekete.

Tikanangogula n'kubwerera bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ndinati ayi, tiyambe takadya ku hotela ya kunyanja. Agogo akhala akuiona hotelayo kwa zaka zambiri ali kunja kwa mpanda, dengu lili pamutu. Ndinkafuna tsiku limodzi alowere pachipata cha kutsogolo.

Anavala chilundu chawo chatsopano, nsapato ananyamula m'manja mpaka pakhomo.

Bambo woperekera zakudya, wachikulire, wa malaya oyera, anatikokera mipando. “Takulandirani, bwana,” anatero. Ine bwana! Tinaitanitsa chambo.

Patebulo loyandikana nafe panali azungu awiri ndi botolo lakuda. Agogo anandikodola.

“Iwe, akumwa chiyani awo?”

“Vinyo, agogo.”

“Wa pa Mgonero uja? Akumwera nsomba?”

Ndinaseka, n'kuitana bambo aja. “Tabweretsani ngati uyo, agogowa alaweko.”

Bambowo anaima kaye. Anayang'ana jekete langa, anayang'ana mapazi a agogo. “Womwewo, bwana?”

“Womwewo.”

Owerenga anzanga, mukudziwa mmene timagulira mowa kumudzi. Wofulula amakutungira pang'ono m'chipanda, umalawa, ukaukonda umagula, ukapanda kuukonda umapita khomo lina popanda mlandu. Ndakula ndikuona agogo akulawitsa anthu chotero. Ndiye bambo aja atazula chitsekerero n'kuthira kadontho pansi pa tambula, ndinati eya, ngakhale kuhotela mwambo ndi womwewo.

Agogo analawa, nasunga vinyoyo m'kamwa kanthawi monga achitira munthu wodziwa ntchito yake, kenako anakwinya nkhope.

“Mwanangu, wakufululirani ndani? Wasasa uwu. Bwezani, mutipatse cha malalanje.”

Bambowo anawerama mpaka pakhutu panga. “Pepani bwana, botolo likatsegulidwa ndiye kuti lagulidwa. Mukalikana andidula pamalipiro, ndipo mwezi umodzi sukwana.”

Apo m'pamene ndinafunsa funso lomwe ndinayenera kuyamba nalo. Atanditchulira mtengo, ndinawerengera mumtima: malata asanu.

Nsombayo sindikukumbuka kukoma kwake. Chomwe ndikukumbuka ndi envulopu ija ikutuluka m'jekete, ndi maso a agogo akutsatira pepala lililonse kuchoka m'manja mwanga kupita m'mbale ya bilu. Sanakuwe. Anangoti kwa bambo aja, “Tsekani bwinobwino, mwanangu. Talipira, tinyamula.” Analikulunga botolo m'nsalu ngati khanda.

Tsopano tandiuzani. Ife amene timatha theka la ola pa Chipoka tikukangana mtengo wa mbale ya usipa, ife amene timatembenuza nkhuku, kuipima m'manja, kuibweza, kuchoka, kubwereranso, n'chiyani chimatitseka pakamwa tikangoona nsalu yoyera patebulo? Mawu awiri okha, “Ndi zingati?”, amatilemera bwanji pamaso pa munthu wovala tayi?

Ndaziona m'masitolo a ku Lilongwe. Munthu amayesa nsapato, wogulitsa n'kuikulunga, iye n'kulipira ndalama ya feteleza akumwetulira, kuopa kuti angaoneke wakumudzi. Ndaziona kwa telala, ndaziona kwa wojambula zithunzi za ukwati. Tikangolandira kamalipiro ka pamwezi timayamba kuganiza kuti kufunsa mtengo n'kudziulula umphawi. Komatu azungu a patebulo lija ndinawaona ndi maso anga: bilu yawo anaiwerenga mzere ndi mzere, cholembera chili m'manja, opanda manyazi.

Ineyo ndili ndi chifukwa changa, ngakhale sichindipulumutsa. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kusafunsa. M'nyumba za achibale umakhala pakona, umaonera ena mmene akuchitira, nawe n'kuchita chomwecho. Khalidwe limenelo landidutsitsa m'malo ambiri. Loweruka linandigwetsa. Ndinaona zonse, ngakhale kukayika kwa bambo aja pamene ankati “Womwewo?” Ankandipatsa mpata woti ndibwerere. Ndinauona mpatawo, koma dzina loti bwana linali litanditsekemera kale.

Kusitolo tinagula malata asanu ndi awiri. Tili pangolo yobwerera kwa Maganga, titakhala pamwamba pa malatawo, agogo anayankhula koyamba.

“Pamene ndinkakutuma mchere uli kamwana, ndinkati uziyamba ndi chiyani?”

“Kufunsa mtengo, agogo.”

“Nanga sukulu yonse ija anakuchotsa zimenezo?”

Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anandisisita pabondo n'kunena kuti nsomba inali yabwino, ndipo mpando unali wofewa.

Mmisiri wafolera chipinda chogona chokha. Mbali yomwe agogo amasungako chimanga ndi mbiya zawo yatsala ndi udzu wakale uja. Ndawalonjeza kuti malata otsalawo abwera miyezi iwiri ikubwerayi, koma mvula sinamve lonjezo langa: inagwa Lachinayi, ndipo uthenga wandipeza woti matumba awiri a chimanga anyowa.

Vinyo uja agogo anagawira amayi anzawo ofulula mowa, aliyense kadontho, ndipo onse agwirizana kuti wofululayo sadziwa ntchito. Botolo analitsuka. Akusungiramo palafini, ndipo aliika pawindo pomwe aliyense wolowa amaliona. Mlendo akafunsa, amayankha mosaseka, “Limenelo ndi denga langa, anandigulira mdzukulu wanga wophunzira.”

Mawa ndikupita kukawathandiza kuyanika chimangacho. Inu amene mwalandira malipiro sabata ino, munthu wa malaya oyera akakuweramirani n'kukufunsani kuti “Womwewo, bwana?”, mudzayankha msanga ngati ine, kapena mudzayamba mwakumbuka denga lomwe mwasiya kwanu?