Asilikali Ovula Yunifomu

Amene amadutsa pa Lizulu amawadziwa a Gibson Maliro, ngakhale ambiri sadziwa dzina lawo. Ndi bambo aja aafupi, a ndevu za imvi, amene amapenta ngolo ndi njinga kuseri kwa mabenchi ogulitsirapo kachewere. Anabadwira kufupi ndi Nzama, ndipo kumeneko akuluakulu amakumbukabe kuti ali mnyamata anapenta mbuzi ya mnzawo mizere yakuda ndi yoyera, n'kuuza mudzi wonse kuti mbidzi yasochera kuchokera ku Mozambique. Sukulu anailekeza panjira, koma burashi sanaisiye, ndipo chibwana chawocho chinakula nawo limodzi.

Akazi awo, a Esnath, amagulitsa kaunjika. Tsiku lina atatsegula belo la majekete, anapezamo jumbo lomangidwa bwino, lodzaza ndi tiasilikali ta pulasitiki, kalikonse kotalika ngati chala cha kaninse. Tina tinali ndi mfuti, tina tili pa mahatchi, tonse totuwa ngati phulusa. A Esnath anafuna kupatsa adzukulu, koma a Gibson analanda jumbolo, nati zinthu zazing'ono chonchi ana angameze.

Cholinga chawo chinali china. Loweruka lililonse masana ankasewera bawo ndi mlamu wawo, a Raymond, obadwa bere limodzi ndi a Esnath, amene amapikula kachewere m'minda n'kumakweza m'malole opita ku Blantyre. Pa bawopo a Gibson ankadyedwa mpaka manyazi. Ndiye anatenga chitseko chakale, kuchigoneka pa migolo iwiri, kuikapo kachewere ngati mapiri ndi zitini za nsomba ngati milatho, n'kubwereka dayisi ya ludo. Anagawa asilikaliwo pakati n'kuuza mlamu wawo kuti bawo ndi masewera a anthu opanda nzeru za nkhondo. Malamulo ankapanga okha, ndipo ankasintha malinga ndi kumene nkhondo yapendekera.

Vuto linali lakuti asilikali onse anali ofanana. Akasakanikirana pa mlatho, mkangano unkafika mpaka kwa amayi ogulitsa kabichi. Anagwirizana zowapenta, a Gibson obiriwira, a Raymond ofiira. Pamenepo a Gibson anawonjezera lamulo lina: msilikali amene penti wake wasupuka mpaka kutuwa kuonekera ndiye kuti wavula yunifomu, wathawa nkhondo, ndipo azilowa gulu la mdani. A Raymond anaseka n'kuvomera.

A Gibson ankadziwa, chifukwa chopenta madigadi a njinga, kuti penti sagwira pa pulasitiki popanda andakoti, penti woyamba uja amene amaluma chinthucho kuti wachiwiri apeze pokhala. Koma andakoti wake uti? Anayamba ndi wofiirira amene amapaka pa zitsulo za ngolo. Anali wokandapala kwambiri, moti msilikaliyo anatuluka wopanda maso, wopanda malamba, ngati nyemba yophika. Atasungunula andakotiyo ndi thina, mankhwala aja osungunulira penti, msilikali wachiwiri anafewa nkhope, mfuti yake n'kupindika kuloza phazi lake lomwe. Ameneyu anamutcha Sajeni Phala, ndipo anamuika pa windo. Andakoti wa pakhoma anauma bwino, koma atangopinda mkono wa msilikali anathetheka. Guluu wa matabwa wosakaniza ndi madzi anafundula ngati njoka.

Amene anawathandiza ndi Steve, wowongola magalimoto pa boma la Ntcheu. Iye anawaonetsa chitini cha andakoti wopopera wa pa mabampala a pulasitiki. Anawauza kuti ayambe atsuka asilikaliwo ndi sopo, chifukwa pulasitiki amachoka ku fakitale ali ndi timafuta tosaoneka. Akauma apopere ali patali pang'ono, mopyapyala, kuti nkhope isakwiririke, ndipo asachite zimenezi kukakhala nkhungu kapena fumbi. A Gibson anasankha wotuwa kuti zobiriwira zidzawale. Popeza pa Lizulu pamazizira, chitinicho ankayamba achifunditsa m'khwapa. Atatha, anakanda msilikali mmodzi ndi chikhadabo, penti osasuntha. Chitinicho anachibisa m'thumba la makala.

Lachinayi a Raymond anabwera ndi kachitini ka penti wofiira, nafunsa kuti poyamba apake chiyani.

"Mafuta ophikira pang'ono, alamu," anayankha a Gibson, maso ali pa ngolo imene ankapenta. "Pulasitiki ali ngati khungu la munthu. Simungamuveke zatsopano ali mbuu."

A Raymond anapita n'kukachita zomwezo. Loweruka asilikali awo anafika akunyezimira ngati matimati, ndipo a Gibson anawayamikira kwambiri. Koma nkhondo isanafike pakati, zala za a Raymond zinali zitafiira. A Gibson ankanyamula msilikali mwaulemu, kumuyang'ana padzuwa, kupukusa mutu n'kunena kuti uyunso wavula malaya, kenaka kumuimika kumbali kwawo. A Raymond anadandaula kuti wasitolo anawagulitsa penti wakale. A Gibson anati mwina mafuta anachepa, ndipo sabata yotsatira a Raymond anawonjezera.

Zinapitirira choncho mpaka nyengo yokumba kachewere inatha. Othawa nkhondo onse a Gibson ankawatsuka, kuwapopera n'kuwaveka zobiriwira. Tsiku lina a Raymond anatsala ndi wa pa hatchi mmodzi yekha. Anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamulowetsa okha m'thumba la shati ya a Gibson, kuwagwira chanza, n'kupita kukasewera bawo ndi anthu ena kuseri kwa chigayo.

Loweruka lotsatira a Gibson anayala chitseko, kufoletsa gulu lawo lonse, n'kudikira. Sikunabwere munthu. Ananyengerera wosoka nsapato, iye anati malamulo osintha ngati mitambo sangawakwanitse. Kondakitala wina anasewera pang'ono, minibasi yake itadzaza anathawa. A Gibson anayesa kusewera mbali zonse ziwiri okha, koma a Esnath amati anawamva akukangana ndi dayisi. Anayamba kudya pang'ono, ndipo nthabwala zawo pa msika zinachepa.

Mapeto ake a Esnath anawauza mosabisa kuti chitini cha m'makala chija anachipeza kalekale, ndipo anaulula zonse kwa a Raymond tsiku lomwe anatsala ndi hatchi imodzi lija.

"Inu bambo a Tracy, mwapambana. Nanga nkhope yagweranji?"

A Gibson anatsutsa kwa masiku angapo kuti iwo sanalakwe, lamulo anagwirizana awiri. Kenaka m'mawa wina anaika theka la asilikali m'dengu, kumanga pa njinga, ulendo kwa mlamu wawo. A Raymond anawalandira bwino, kuwapatsa thobwa, osatchula za mafuta. Anangotulutsa beseni, sopo ndi mswachi wakale, n'kuziika pabwalo pomwe amayi opita ku mjigo amadutsa. A Gibson anakhala pansi kupala zobiriwira ndi kutsuka msilikali mmodzimmodzi, eni nyumba ali pampando, akuloza amene sanayere kukhwapa. Amayi ena anafunsa ngati a Maliro ayamba ganyu yosambitsa ana, ndipo a Raymond anawayankha kuti akuphunzira kumene.

Asilikaliwo atauma, a Gibson anatulutsa chitini chawo chotuwa. A Raymond anachikana. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi chawo, chakuda, chimene anali atagula kale atakambirana ndi Steve yemweyo. Anati wakuda amabisa malo amene burashi yaphonya, ndipo munthu wa manja ozolowera matumba ngati iwo amaphonya kwambiri. A Gibson anapempha kuti lamulo la yunifomu lithe, poti labweretsa udani pachibale. A Raymond anati ayi, lamulolo ndi labwino, likhale.

Mpaka lero nkhondo imachitika Loweruka masana kuseri kwa mabenchi aja, ndipo oonerera amachuluka kuposa a pa bawo. Malamulo amasinthana kupanga, sabata ino uyu, yamawa winayo. A Gibson amagonja kawirikawiri kuposa mmene amapambanira, ndipo ofiira a a Raymond sasupuka. Chaka chatha anthu anaona kuti a Gibson akusunga chikhadabo chachitali pa chala chaching'ono, ndipo amakonda kunyamula asilikali a mlamu wawo kuti awasirire. Iwo amati ndi chokandira m'khutu. A Esnath amachiwenga Lachisanu lililonse.