Mbuzi Yoyendetsa Ndege

Fungo la fumbi likamapserera pa hita yamagetsi limandibweza ku Braunstone, kuno kudziko la azungu, m'chipinda chochezera cha agogo Dorini, m'Disembala wa chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi. Hita yawo inali yakalekale, ya timizere tiwiri tofiira ngati makala, ndipo pamwamba pake ankayanikapo makoko a manachesi kuti m'nyumba muzinunkhira. Sizinkathandiza kwenikweni. Fungo la manachesi linkangosakanikirana ndi la mankhwala opaka m'maondo, la kapeti yomwe inamwa tiyi kwa zaka makumi atatu, ndi la mphaka amene anafa ine ndisanabadwe. Mpaka lero sindidya nachesi pa Khirisimasi.

Agogo Dorini sanali agogo anga. Anali mzungu wokalamba, mayi wamasiye, mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri amene amayi ankawasamalira m'makomo mwawo. Amayi ankayenda nyumba ndi nyumba, kusambitsa, kuveka, kumwetsa mankhwala, kenako n'kulemba zonse m'buku la kampani lomwe linkakhala pafupi ndi ketulo. Ine ndinali nditabwera kuchokera ku Chilomoni zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo masiku a sukulu panalibe vuto. Vuto linabwera sukulu zitatsekera. Anti Misozi, a ku Zambia, amene tinayandikana nawo nyumba ndipo ankandiyang'anira, anapeza ganyu yolongedza katundu wa Khirisimasi ku Corby. Kundisiya ndekha tsiku lonse kunali kuputa a boma oona za ana. Kupita nane kuntchito, kampani inkaletsa. Amayi anasankha tchimo lomwe akanatha kuliyang'anira ndi maso awo.

Masiku awiri oyamba ndinkadikira panja pa nyumba iliyonse, nditatsamira mpanda, manja m'khwapa, mphuno ikuchucha. Tsiku lachitatu agogo Dorini anandiona pawindo n'kugogoda galasi ndi ndodo yawo. Anawakalipira amayi kuti mwana saimikidwa pakhomo ngati botolo la mkaka. Kuyambira pamenepo amayi ankandisiya kumeneko m'mawa, n'kundipeza masana pobwera kudzawapatsa chakudya, n'kudzanditenga madzulo. M'buku la pafupi ndi ketulo dzina langa silinalowemo.

Ntchito yanga inali kuonera TV, koma osati za masiku ano, chifukwa agogo Dorini ankati zimenezo n'zaphokoso. Pansi pa TV yawo panali makaseti a vidiyo akuluakulu ngati njerwa. Malemu amuna awo ankajambuliramo mwana wawo Kevini mapulogalamu a pa Khirisimasi, kale iye ali wamng'ono. Chithunzi chinkanjenjemera, mizere yoyera ikudutsa, mawu nthawi zina akukoka ngati a munthu woledzera. Munali azibambo ovala madiresi akugwa m'makwerero, makwaya a ana okhala ndi makandulo m'manja, ndiponso malonda a zidole zomwe zinasiya kugulitsidwa amayi ali ku pulayimale. Anzanga a kusukulu nthawi imeneyo ankapempha matabuleti, mafoni akuluakulu aja. Ine ndinkameza mate posilira zidole za mwana amene tsopano anali bambo wadazi.

Koma mfumu ya makaseti onsewo inali mbuzi. Inali katuni ya mbuzi yoyendetsa ndege yonyamula makalata, yovala magalasi akuluakulu ndi mpango wofiira, ndipo ulendo uliwonse inkadya theka la makalatawo isanafike kumene ikupita. Kwathu ku Chilomoni mbuzi ya pa Khirisimasi inkamangidwa pamtengo wa mapeyala kudikira mpeni, koma kuno inkauluka. Ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Agogo Dorini ankaiwala dzina langa tsiku lililonse, nthawi zina ankaiwala ngati adya kapena ayi, koma nyimbo yoyambira katuniyo ankaiimba yonse osaphonya liwu, akugogoda ndodo pansi. Tinkadya mabisiketi ofewa chifukwa chokhalitsa m'chitini. Panja kunkada ikangokwana folo koloko, ndipo timagetsi ta pamtengo wawo wapulasitiki tinkayaka mbali imodzi yokha. Sindinama, ndi masiku amenewo pamene ndinayamba kulikonda dziko lino. Akuluakulu amati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo ife tinafunda sabata imodzi yokha.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike, amayi atabwera kudzanditenga, agogo Dorini anadzuka movutikira n'kutsegula kabati yawo yagalasi. Kuseri kwa makapu osamwera kunali mbuzi ija, yapulasitiki, ili m'kabokosi kake koonekera kutsogolo, kosatsegulidwapo. Anati chaka chimenecho anagula ziwiri. Imodzi Kevini anaithyola mutu, inayo anaisungira mdzukulu amene sanabwere. Anatambasula dzanja kundipatsa.

Amayi anakana, pamenepo ndiwachitire umboni. Ananena m'Chingerezi chawo chaulemu kuti kampani siilola kulandira mphatso kwa odwala. Nkhope ya agogo Dorini inagwa, dzanja lili chitambasulire. Ndinaona amayi akulimbana ndi malamulo awiri, la kampani lomwe anaphunzira zaka zinayi zapitazo ndi la kwathu lomwe anayamwira kubere. Kwathu wamkulu akakupatsa chinthu, ngakhale chitakhala chimanga chimodzi chofumbwa, sukana. Kukana n'kumuuza kuti dzanja lake ndi lonyansa.

"Tadala, landira," anatero m'Chichewa. "Manja awiri. Gwada, usandichititse manyazi."

Ndinagwada pa kapeti ija n'kulandira ndi manja awiri. Agogo Dorini anaseka, anandisisita m'mutu, anati chibadwire sanaonepo mwana waulemu chotere. Amayi anaima kanthawi pa buku lija, cholembera chili m'manja. Kulemba za mphatso kunali kuvomera kuti m'nyumbamo munali mwana. Analemba kuti agogo adya bwino, amwa mankhwala, ndipo ali osangalala. Zonsezo zinali zoona.

Bokosi ndinaling'amba m'basi, ndipo amayi analiponya m'bini ya pa siteji. Mbuziyo inali ndi kiyi kumsana, ukaipotoza inkagwedeza mutu ngati ikutafuna. Pa Khirisimasi tinakadya mpunga ndi nkhuku kwa anti Misozi, ine nditavala diresi yatsopano monga timachitira kwathu, mbuzi ili pambali pa mbale yanga. Ana a anti, obadwira konkuno, anaizunguza n'kundifunsa m'Chingerezi kuti imachajidwira pati. Sindinawasamale. Chifikireni kuno, chimenechi chinali chinthu choyamba chomwe munthu anandipatsa osati chifukwa choti chamuchepera.

Tsiku lomwelo Kevini anapita kukaona amayi ake, monga ankachitira kawiri pachaka. Sanaone kuti zikhadabo zawo zinali zowengedwa bwino, kapena kuti chilonda cha pachidendene chinali chitapola. Anaona malo opanda fumbi m'kabati. Zidole zoterozo zikakhala m'bokosi losatsegula, anthu osonkhanitsa zakale amazigula modula, ndipo iye ankadziwa. Atawafunsa, agogo Dorini anati sanapatse munthu aliyense kanthu, ndipo m'nyumba mwawo simunalowepo mwana. Sankanama. Zinali zitangofufutika basi.

Foni inalira m'mawa mwake amayi akuvala yunifolomu. Anamvetsera nthawi yaitali, akungovomera, kenako anakhala pabedi nsapato imodzi ili m'manja. Patapita kanthawi anakagogoda kwa anti Misozi, ine ndili pambuyo.

"Andisasipenda, anti, andiimitsa kaye ntchito. Akuti ndaba. Mwana wa agogo aja akuti chidole chija chikapanda kubwezedwa pofika Lachisanu apita kupolisi. Zikalowa mu rekodi ya apolisi, basi, palibe amene angandilembenso ntchito yosamalira anthu dziko lino."

"Manje muyembekeza chani?" anatero anti. "Bwezani chabe."

Ndinamva zonse, ndipo ndinachita chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinathamangira kunyumba, ndinakulunga mbuzi m'sokosi, n'kuikankhira m'kati mwa jombo yanga ya mvula. Amayi atandifunsa, ndinati yasowa, mwina ana a anti aitenga. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta. Anandipatsa, ndinagwada, ndinathokoza. Ngati akuluakulu asokonezana, asokonezane okha.

Amayi anasaka masiku awiri. Anatembenuza matiresi, anakhuthula mabini, anakapanikiza ana a anti ndi mafunso mpaka anti anakwiya n'kusiya kutiyankhula. Ine ndinkangokhala pa sofa, TV yathu ikuonetsa mabanja ovala majuzi ofanana akutsegula mphatso mozungulira mtengo. Ndinkayembekezera lamba kapena mthiko, ndipo ndinali nditakonzeka kuluma mano. Lachinayi masana amayi anazimitsa TV n'kugwada patsogolo panga. Maondo amenewo ndinali nditawaona akugwadira Mulungu ndi apongozi awo okha.

"Mwana wanga, ndikudziwa kuti uli nayo. Sindikumenya. Wolakwa ndine, ndine amene ndinakuuza kuti ulandire. Ndikukupempha."

Anatambasula manja onse awiri. Ndinapita kukatenga jombo ija. Sindinapepese. Ndinawaponyera mbuziyo pamiyendo n'kuwauza kuti ndimadana nawo, ndipo ndinanena m'Chingerezi, chifukwa m'Chichewa mawuwo sakanatuluka.

Lachisanu tinapita ku ofesi ya kampani. Anandikhazika pampando wapulasitiki m'khonde, chitseko chili chotseguka pang'ono. Kevini analipo, wadazi monga ndinkaganizira, atavala jekete labwino. Amayi anamupatsa mbuziyo ndi manja awiri, atawerama. Iye anainyamula ndi zala ziwiri, ndipo funso lake loyamba linali lakuti bokosi lili kuti. Kuti dzina lakuti wakuba liwachoke, amayi anayenera kunena zonse: kuti inali mphatso, kuti inaperekedwa kwa mwana, ndipo mwanayo anakhala m'nyumbamo sabata yathunthu. Mboni yokhayo ndinali ine, ndipo ine ndemwe ndinali mlandu wachiwiri. Manijala, mayi wofatsa, anati akukhulupirira kuti amayi sanabe. Nkhani sinapite kupolisi. Koma ntchito inatha tsiku lomwelo, chifukwa cha mwana ndi chifukwa cha zomwe sizinalembedwe m'buku. Palibe amene anandiitana kuti ndinene zomwe ndinaona.

Pobwerera tinayenda wapansi mumsewu wa Belgrave, magetsi omwe amwenye amakoleka pa chikondwerero chawo cha Diwali akali m'mwamba, masitolo a golide akuwala. Amayi anandigulira samusa yotentha. Ndinaigwira mpaka inazizira, osailuma, kuti awone kuti ndakwiya. Iwo sanayang'ane kumbali yanga, ankawerenga mapepala a ntchito omata m'mawindo.

Mu Januwale anti Misozi, amene mtima wawo sunkasunga mangawa, anawapezera malo ku Corby. Amayi ankakwera basi ya kampani kusanache n'kukanyamula makatoni a mphatso zomwe anthu anabweza chifukwa sanazikonde. Anakhalako zaka zinayi, ndipo msana wawo unatsalira komweko. Agogo Dorini sitinawaonenso. Tinangomva kuti anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba, ndipo nyumba ija inagulitsidwa. Makaseti aja ndikhulupirira kuti anathera m'bini.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi m'mutu mwanga inali ya mbuzi yanga imene amayi anandilanda chifukwa cha mantha. Chaka chatha ndinaipeza katuniyo pa intaneti. Ndinaonera mphindi zitatu n'kutseka. Zojambula zake n'zosalongosoka, nthabwala zake n'zozizira, ndipo popanda ndodo ija kugogoda pansi nyimboyo ndi phokoso chabe. Ndinapita kwa amayi, amene anali atagona chagada pa kapeti kuti msana uwongoke, n'kuwafunsa chifukwa chake analola kuti ndilandire pamene lamulo ankalidziwa.

"Anali wamkulu, dzanja lili m'mwamba," anatero, maso ali kudenga. "Iwe ukanatani?"

Yankho linandipeza lokha. Panopa ndikuphunzira unamwino. Khirisimasi yapitayi, m'wodi momwe ndinkaphunzira ntchito, bambo wina wokalamba anatulutsa pansi pa pilo kamngelo kagalasi kokoleka pamtengo wa Khirisimasi, anati kanali ka malemu akazi awo, ndipo akufuna kuti kakhale kanga. Ndinathokoza, ndinakana mwaulemu monga anatiphunzitsira, kenako ndinakalemba m'buku. Aphunzitsi anandiyamikira. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anali amantha chifukwa anabweza mphatso. Tsopano ndikudziwa kuti iwo anaopa koma analandirabe, ndipo analipira ndi msana wawo. Ine manja anga onse awiri anali m'matumba a yunifolomu, ndipo dzanja la bambo aja linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika lokha.