Khungu Lokha, Fupa Ayi

Kuntchito amamutchula kuti Nsimbi, chifukwa ntchito yake ndi kusita nkhope za anthu. Amagwira pa shopu yopanga ziboliboli ndi makina, kuseri kwa malo ometera tsitsi. Kasitomala amamujambula mbali zonse, mutu wake n'kutulukira pa kompyuta ngati woumba ndi dongo. Apo mpamene Nsimbi amayambira. Amachotsa ziphuphu, timabowo ta pakhungu, ndi makwinya amene mwini wake sakuwafuna. Lamulo lake ndi limodzi: amasita khungu, fupa salikhudza. Lilipo batani losalaza mutu wonse kamodzi, koma iye amadana nalo kwabasi, chifukwa limadya mphuno, makutu n'kutsala ngati sopo wokutha.

Bambo ake, kalipentala wopuma, Nsimbi anawajambula asanayambe kudwala, iwo akuseka kuti makina awameza. Atamwalira, achimwene ake a Nsimbi anaganiza zoti awapangire mayi chiboliboli cha bambo choika pabalaza. Ganizo labwino ndithu. Koma anafika ku shopu atatchena suti, n'kuima kumbuyo kwa mpando wake, chala chili pagalasi la kompyuta.

"Ichi uchichotse, mlongo wanga."

Chinali chipsera cha pamphumi, pamwamba pa diso lakumanzere. Nsimbi mtima unamuwira. Ndani m'banjamo sankadziwa? Botolo limene linawatema bambo pamenepo anaponya ndi achimwene omwewa, bambo atawakaniza kulowa m'nyumba ataledzera. Kuchipatala bambo ananena kuti thabwa lawagwera, ndipo bodzalo anapita nalo kumanda. Mawu oti pepani sanawamvepo. Ndiye lero munthu wamkulu, wa ndevu zake, akufuna kompyuta imupepesere.

"Achimwene, nkhope ya bambo ndi yomweyi," anatero Nsimbi.

"Usandiphunzitse. Anthu osawadziwa umawachotsa zipsera, bambo ako okha ndiye ayi? Ukufuna mayi aziona chimenechi tsiku lililonse?"

Ati mayi aziona. Mayi amene maso anachita ng'ala kalekale, amene adzukulu amawazindikira powagwira kumaso. Woopa kuona anali wina, koma Nsimbi anangotembenukira ku kompyuta, poti mkulu ndi mkulu.

Anachichotsa chipseracho pang'onopang'ono, mano ali gwa, mpaka khungu linati see. Koma pansi pake fupa linali lolowa, kadzenje kongokwana nsonga ya chala. Kukadzaza kukanakhala kuumba munthu wina, ndipo zimenezo sanachitirepo kasitomala aliyense. Anakasiya momwemo. Pagalasi sikankaoneka n'komwe.

"Waona? Awa ndiye bambo," anatero achimwene, n'kumapita osathokoza.

Tsiku lokapereka, mayi anachilandira pamiyendo, atakhala pampando umene bambo anakhoma okha. Zala zawo zinayamba kuchibwano, n'kukwera pamphuno, n'kufika pamphumi. Zinayenda uku ndi uku posalalapo, nkhope yawo ikugwa. Kenako chala chachikulu chinalowa m'kadzenje kaja, n'kuima.

"Ndimayesa mwandibweretsera mlendo," anatero mayi. "Ndi iwowo."

Achimwene anayang'ana Nsimbi ndi diso lofiira. Iye sanaphethire. Anali atakonzeka kuyankha chilichonse, ndipo mawu anali atamudzadza m'kamwa kuyambira tsiku la botolo lija.

"Iwe wamkulu, sendera kuno," anatero mayi. "Ndipatse dzanja."

Analigwira n'kuika chala cha mwana wawo pomwepo.

"Bambo ako ankasisita pamenepa ukachedwa kubwera. Ankati, kaya mwana uja wadya."

Achimwene anayesa kubweza dzanja, koma mayi sanalitaye. Anagwada pansi ndi suti yawo yomweyo, mapewa akugwedezeka. Nsimbi anatola katoni imene anabweretseramo chiboliboli n'kutuluka nayo panja. Mkwiyo unali usanamuthere, ndipo sanafune kuti wina amupemphe kuti akhululuke lero lomwelo.