Mchimwene Wako Wandifunsa za Mafilimu

Esinati, papita chaka chimwalirire iwe, ndipo lero mchimwene wako wandiimitsa pamsika pa Chintheche, ati ndimutchulire mafilimu abwino oti azionera kunyumba. Wachita kuseka pofunsapo! Munthu yemweyu ndi amene ananyamula TV yako anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, n'kumati akusungira ana. Ana akowo ali kwa mayi ako ku Bandawe, ndipo akafuna kuonera kanthu amakasuzumira pawindo la eni ake.

Wandikumbutsa Lamulungu lija nditangofika kumene kudzaphunzitsa kuno, Chitonga ndisakuchimva, mnzanga ndilibe. Unandipeza pakhonde n'kundikoka dzanja. "Aphunzitsi, mufa nako kusungulumwa. Tiyeni kwathu, ndapeza sewero la ku Nigeria, mukapanda kulikonda musadzandipatsenso moni." Tinakhala pamphasa, ana ako atatipanikiza uku ndi uku. Sewero litafika pokoma, bandulo ya intaneti inatha, TV n'kuima. Iwe sunadandaule. Unadzuka, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kutisewerera mbali yotsalayo wekha, mawu a mkazi ndi a mwamuna omwe, mpaka mwana wako wamng'ono anagwa chagada ndi phwete. Unkadziwa sewero loyenera munthu aliyense, mnzanga, ndipo sunkaonera ana ali panja.

Ndiye mchimwene wakoyo sindinamutchulire filimu ngakhale imodzi. Ndamuuza pamaso pa amayi ogulitsa usipa kuti Loweruka ndikubwera kwake ndi mayi ako komanso akulu a mpingo, ndipo TV ija tikainyamula. Kuseka kuja kunathera pomwepo.