Nsomba ya Chijapani ku Makhanga

Asisitala a ku Japani atafika pa kachipatala kathu ku Makhanga anali ndi masaya. Pofika dzinja, madzi atatseka msewu, masaya aja anali atalowa. Ine ndinkathandiza mu wodi ya amayi, ndipo ndinkaona kuti masana ankangomwa tiyi. Tsiku lina anandiuza m'Chichewa chawo chodumphadumpha kuti mwina abwerera kwawo nthawi isanakwane. Zinandiwawa. Munthu wosakalipira odwala ngati ameneyo tikanamupezanso kuti?

"Kodi amayi anu amaphika chiyani?" ndinawafunsa.

Nkhope yawo inawala. Anati nsomba yothira mchere basi, yootcha pamakala. Mpunga wopanda mchere kapena mafuta. Msuzi woyera wa mitu ya nsomba, ndi nkhaka zodula mopyapyala. Mumtima ndinati ichi ndiye chakudya cha odwala, koma pakamwa ndinati, "Loweruka mubwere kwathu."

Sabata imeneyo ndinalengeza mudzi wonse, ine pakamwa sipakhala chinthu. Loweruka ndinalawirira kudooko kukadikira mabwato, n'kusankha nsomba za mphende zonona, zikuphiriphitha. Bambo a kunyumba ndinawapatsa ntchito yosema timitengo tansungwi todyera. Anasema akuseka, amvekere, "Manja Mulungu anatipatsiranji?"

Vuto linali apongozi anga aakazi, amene tinkakhala nawo. Atandiona ndikuwaza mchere pansomba, popanda tomato kapena anyezi pafupi, anagwira kukamwa.

"Ninji pyenepi, n'chiyani chimenechi? Mlendo wochoka kutali, inu mum'patse nsomba youma gwa ngati tili paulendo? Gwirani nkhuku, mwananga, tisachite manyazi!"

"Mayi, kwawo amadya chonchi."

"Kwawoko kuli njala?"

Ndinalimba mtima. Ndinakolezera mbaula, n'kudikira makala afiire. Khungu la nsomba litayamba kuthetheka, fungo linafika mpaka kwa aneba. Msuzi ndinausefa ndi kansalu mpaka unayera ngati madzi a pamjigo, n'kuponyamo timasamba ta anyezi. Nkhaka ndinazifinya ndi mchere ndi ndimu. Ndinalawa. Abale inu, zinali kukoma! Ndinavina ndekha pakhonde, chipande chili m'manja.

Asisitala anafika atavala chitenje pamwamba pa siketi yawo yaitali, poti masiku amenewo mkazi sankayerekeza kuvala buluku. Tinawalandira monga timalandirira mlendo wolemekezeka. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinagwada n'kuwasambitsa m'manja, ndinayala mbale patebulo, kenako ndinatuluka n'kutseka chitseko kuti adye momasuka. Bambo anapita kukakhala pansi pa mtengo. Ine, apongozi ndi ana tinakhala pamphasa kuseri, tikudya zathu. Khutu langa linali kuchitseko, kudikira kumva timitengo tikugunda mbale.

Kunali zii.

Kenako chitseko chinatseguka. Asisitala anatulukira kuseri kuja atanyamula mbale, nsomba yosakhudzidwa n'komwe, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndalakwa chiyani?" anafunsa. "Kunyumba ndimadya ndekha. Kunonso ndekha?"

Miyezi yonseyi ife tinkati tikuwapatsa ulemu posawasokoneza, ndipo ine ndinkati vuto ndi chakudya.

Apongozi anasendera, n'kumenya pamphasa ndi dzanja. "Khalani pano, mwananga."

Asisitala anakhala pakati pathu. Anagwira timitengo tija, n'kuyamba kusadzula nsomba mwaluso, minga ikutsala yokha. Ana anaombera m'manja. Apongozi anayesa nawo timitengo, mpunga n'kuthera pachitenje, tonse tinafa nacho chiseko. Nsomba ya asisitala inatha, msuzi anamwa ndi mbale, ndipo anatambasula dzanja n'kutapa m'mbale ya apongozi, mmene munali mlamba wa tomato.

Akusamba m'manja anati, "Takhuta," monga ankamvera odwala akuthokozera m'Chisena. Kenako anayang'ana pansi, n'kufunsa motsitsa mawu, "Mawa mumadya nthawi yanji?"