Maluwa Amene Anamasula Pakati pa Chiganizo

Iwe amene zotsatira za mayeso zakufooketsa, ndipo ukuona ngati dziko lakutsekera mageti onse, tabwera ukhale apa. Nkhani ya Poongodi imayambira pa geti penipeni, geti lachitsulo la situdiyo ina yojambulira mafilimu ku Vadapalani, tsiku limene anamukankhira kunja dengu lake lili kumtsatira m'malere.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mayeso anali atalephera kawiri, bambo ake anali atamwalira, ndipo chimene chinatsala pakhomo pawo chinali dengu la maluwa onunkhira otchedwa malli ndi zala za amayi ake, a Kuppamma, zimene zinkamanga timaluwa toyerato pa ulusi kuyambira m'bandakucha. Situdiyo ija ndiyo inkawadyetsa. M'mawa uliwonse Poongodi ankalowa ndi mikono makumi atatu ya maluwa, ena okoleka pa kamera popemphera asanayambe kujambula, ena oti akazi a m'filimu avale kumutu.

Akapereka sankatuluka msanga. Ankabisala kuseri kwa zingwe za magetsi, kukamwa kuli yasa, kuonerera anthu akukondana pansi pa mwezi wa pepala. Mtima wake unali utakwatiwa kale ndi filimu, kungoti filimuyo sinkadziwa.

Tsiku limenelo ankajambula gawo lotsanzikana. Mtsikana waima pakhomo, akuuza wokondedwa wake kuti apite asachewuke. Theka loyamba la mawu ake analijambula m'mawa. Kenako magetsi anavuta, anthu anadya, ena anagona pa mikeka, ndipo theka lachiwiri anadzalijambula dzuwa litapendeka. Katswiri wamkazi wosewera mtsikanayo anayesa kulira kasanu ndi katatu, misozi osabwera. Ulendo wachisanu ndi chinayi inabwera, yeniyeni, ndipo situdiyo yonse inaiwala kupuma.

Pomwepo mawu anatuluka kuseri kwa zingwe.

"Maluwawo amasula."

Wogulitsa malli aliyense amadziwa. M'mawa duwali limakhala lotseka ngati njere ya mpunga, madzulo limamasula ngati nyenyezi, ndipo kutentha kwa nyali kumalifulumizitsa. M'filimu chiganizo chija chinali cha mphindi imodzi, koma maluwa a kumutu kwa mtsikanayo anali atakula ndi maola asanu ndi atatu pakati pa mawu oyamba ndi otsiriza.

Katswiri uja anachewuka kuti aone wolankhula, misozi ija n'kupita pachabe. Wotsogolera filimuyo, a Sadagopan, munthu amene ankaopedwa ngakhale ndi mpando wake womwe, anadzuka pang'onopang'ono.

"Tsopano tiziphunzitsidwa ntchito ndi dengu? Anthu amabwera kudzaona nkhope, iwe, osati dimba la kumutu. Mutulutseni. Ndipo maluwa a kwawo ndisadzawaonenso muno."

Anamutulutsa, iwo n'kupitiriza kujambula maluwa ali chimasulire.

Kunyumba a Kuppamma sanamumenye. Anangotola timaluwa tafumbi m'dengu, n'kunena kuti pakamwa pake padya mpunga wa banja lonse. Kenako anagamula. Chikondwerero cha zokolola cha Pongal chikangotha, Poongodi akwera basi ndi amalume ake kupita kumudzi kufupi ndi Tindivanam, kukakwatiwa ndi msuweni wake wokonza njinga. Mnyamatayo sanali woipa, sankamwa, ndipo Poongodi analibe chomudandaulira. Kungoti kumudziko kunalibe geti lachitsulo lija, ndipo akangokwera basiyo sakanadzaliyandikiranso. Panali patatsala masabata asanu ndi limodzi.

Wina akanasamukira msewu wina ndi manyazi. Iye anayala chiguduli chake pafupi ndi geti lomwelo, n'kumagulitsa kwa odutsa. Mlonda ankamulonjera tsiku lililonse mokweza kuti madalaivala amve: "Afika abwana otsogolera! Lero maluwa akuti bwanji?" Madalaivala ankaseka mpaka kutsokomola utsi wa fodya.

Poongodi ankangopitiriza kugulitsa. Anatenga kope lake la masamu, limene masamba ake ambiri anali oyera chifukwa masamuwo sankamukonda, n'kuyamba kulembamo za aliyense wolowa ndi wotuluka. Uyu walowa wotchi ili kumanzere, watuluka ili kumanja. Uyu ndevu zake zomata zatsika kuposa dzulo. Sikuti anali ndi pulani. Maso ake ndiwo ankakana kusiya ntchito imene palibe anawalemba.

Mwa ogula ake panali nkhalamba ina, a Duraikannu, amene ankadula ndi kulumikiza zidutswa za filimu m'kachipinda kamdima m'situdiyomo. Madzulo alionse ankagula mkono umodzi wa malli wa akazi awo. Akaziwo anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, koma iwo ankakoleka maluwawo pa chithunzi chawo, ndipo ankafuna otseka okhaokha, kuti akamasulire pamaso pa mayiwo. Ngati kuli chikondi choposa chimenecho, sichinajambulidwebe.

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti Pongal ifike, a Duraikannu anafika nkhope ili ndwii, zala zili guluu yekhayekha.

"Mwanawe, lero maluwa ndadana nawo."

Anafotokoza kuti tsiku lonse ankalumikiza gawo lotsanzikana. Mtsikana akuyamba kulankhula, maluwa ali otseka. Kamera ipita kwa mnyamata, ikabwerera, maluwa aphulika ngati mbuliwuli. Anawauza a Sadagopan kuti theka la holo ya kanema limakhala azimayi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi malli kumutu, choncho pamene ayenera kulira adzaseka. A Sadagopan anaonera kawiri, n'kulamula kuti ajambulenso. Filimu inayenera kutuluka pa Pongal. Nyumba ya m'gawolo anali ataiphwasula, kunangotsala chitseko. Katswiri uja anavomera kubwera masana amodzi okha asanakwere sitima ya ku Hyderabad, ndipo masana, pansi pa nyali, maluwa sachedwa kumasula.

"Ndinawauza," anatero Poongodi.

Nkhalambayo inamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi dengu lija ndiwe?" Inaseka mpaka kugwira khoma. Itapuma inamufunsa ngati dengulo likudziwa mankhwala ake.

Ankadziwa. Kumanga nkhata khumi zofanana ndendende, kuzikulunga m'nsalu yonyowa ndi tsamba la nthochi, kuzisunga mumtsuko wozizira, n'kumasintha nthawi iliyonse kamera isanayambe. A Duraikannu anakawauza a Sadagopan, iwo n'kuvomera.

A Kuppamma anamanga nkhata khumizo okha, osalola mwana wawo kukhudza ulusi. Pomupatsira mtsuko anamugwira chibwano. "Ukapereke, utseke pakamwa, ubwerere. Wamva? Tisapite kwa amalume ako ndi manyazi achiwiri."

Tsiku lojambula, mlonda anatsegula geti akuyang'ana kumwamba. A Sadagopan sanamulonjere, ngati mtsukowo walowa wokha. Chitseko chija chinaimikidwa, nyali zinayaka, nkhata yoyamba inakolekedwa, yotseka bwinobwino. Katswiri uja anakweza dzanja lamanja kugwira mphuthu ya chitseko, ndipo Poongodi anaona cholakwika.

Zibangili. M'mawa wa tsiku lija dzanja limenelo linali ndi zibangili zobiriwira. Ankakumbukira chifukwa katswiriyo analandira maluwa ndi dzanja lomwelo. Lero zinali zofiira, zobiriwira zili kumanzere.

Anamva zala za amayi ake pachibwano. Akakhala chete, atuluka ndi ulemu, mwina maluwa a kwawo n'kuyambanso kulowa. Akalankhula n'kupezeka kuti walakwitsa, ndiye kuti watseka geti ndi manja ake omwe. Wojambula anali ataika kale diso pa kamera.

"Bwana, musanayambe."

Poongodi ananena za zibangili. Woveketsa zovala anakalipa kuti iye anayamba kuveka akatswiri mtsikanayu asanamere mano. A Sadagopan sanayang'ane aliyense wa iwo. Anangokodola a Duraikannu, amene anatulutsa kachidutswa ka filimu m'thumba la malaya, n'kukakweza pa nyali, diso limodzi lili chitsinzire.

"Zobiriwira kumanja, bwana. Dengu lalondola."

Palibe anaseka. A Sadagopan anakanda m'mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana kumaso.

"Pali china?"

Zinalipo ziwiri. Tsitsi loluka linali patsogolo pa phewa, osati kumbuyo, ndipo kadontho ka pachipumi kanali kakang'ono kuposa aka. Zonse zinakonzedwa. Anagwiritsa nkhata zisanu ndi ziwiri, misozi inabwera, ndipo katswiri uja anaipeza sitima yake.

Nyali zitazima, a Sadagopan anamuitana n'kumufunsa ngati amadziwa kulemba.

"Mayeso ndinalephera, bwana. Kawiri."

"Sindinafunse zimenezo."

Anawapatsa kope la masamu lija. Anatsegula masamba angapo, mpaka anapeza pamene panalembedwa kuti iwo eni analowa ndi masokosi osiyana Lachitatu lapitalo. Anabweza kopelo nkhope ili gwa.

"Lolemba, sikisi koloko. Uzilemba chilichonse chimene kamera ikuona. Ndipo uzilankhula ngati lero, isanayambe, osati misozi ikutsika."

Mungaganize kuti nkhani yatha. Ayi, chifukwa a Kuppamma sanagwedezeke. Ntchito yongoyang'ana? Imeneyo si ntchito, anatero, ndi ulesi wolembedwa m'kope. Amalume anafika ndi nzimbe ndi mpunga watsopano, ndipo chikwama cha Poongodi chinalongedwa. Iye anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti amayi ake apite naye kukaonera filimuyo masana a tsiku la Pongal.

Holo inali yodzaza, yonse ikununkhira malli. Gawo lotsanzikana linafika. Mtsikana anaima pakhomo, anayamba chiganizo chake, kamera inapita kwa mnyamata, inabwerera, iye n'kumaliza. A Kuppamma anamuguguda mwana wawo ndi chigongono.

"Ndiye ntchito yakoyo ili pati? Ine sindikuonapo kanthu."

"Ndi imeneyo, amayi. Mukanaonapo kanthu, bwenzi holo yonseyi ikuseka."

A Kuppamma anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Azimayi mizere ndi mizere ankapukuta maso ndi nsonga za nsalu zawo za sari. Kenako a Kuppamma anaweramira kwa mayi wachilendo amene ankafwenthera pambali pawo, n'kunena mokweza mpaka a mzere wakutsogolo anachewuka:

"Maluwa amenewo ndinamanga ndine."

M'mawa mwake amalume anakwera basi okha, atanyamula mphika wa mpunga wotsekemera ndi mawu opepesa. A Kuppamma anati akumupatsa Poongodi chaka chimodzi pa ntchitoyo.

Zaka zotsatirazo ndikanakonda kuzidumpha, chifukwa kudikira kumawawa ngakhale m'nkhani, koma ndi mmene muli fupa lake. Chaka chimodzi chija chinasanduka khumi ndi ziwiri. Poongodi ananyamula kope, kenako kabolodi kowombera poyamba kujambula, kenako udindo wokonza tsiku lonse la anthu zana. Pa chakudya ankadya pomaliza, mpunga utazizira. Dzina loti Dengu linamumatirira. Nkhani yoyamba imene analemba anaikana eni mafilimu asanu ndi anayi, wina n'kumuuza kuti amuna zana sangamvere munthu wovala maluwa. Filimu yake yoyamba inatha sabata imodzi yokha m'maholo. Analira tsiku lonse. M'mawa mwake anagula kope lina.

Yachiwiri inali nkhani ya nkhalamba yogulira maluwa mkazi wake womwalira. A Duraikannu anailumikiza ndi manja awo, ikhale ntchito yawo yomaliza, ndipo inaonetsedwa masiku oposa zana.

Lero Poongodi watsogolera mafilimu asanu ndi awiri, ndipo dzina lake likaoneka pa chinsalu anyamata a mzere wakutsogolo amaimba likhweru. Akatswiri amadikira foni yake. Koma amene anagwirapo naye ntchito amasimba chinthu chimodzi. Zonse zikakonzeka, nyali zitayaka, wojambula ataika diso pa kamera, iye amatembenukira kumdima kuseri kwa zingwe, kumene kumaima onyamula tiyi, osesa ndi obweretsa maluwa, n'kufunsa kuti, "Alipo waona kanthu?" Ndipo amadikiradi yankho.

Iwe amene pepala la mayeso lakuuza kuti ulibe kanthu, pepalalo linafunsa mafunso ake okha. Silinakufunse zimene maso ako amaona anzako osaona, kapena zimene zala zako zinaphunzira pakhomo panu. Akakutulutsa, yala chiguduli chako pafupi ndi geti, tenga kope, upitirize kuyang'ana. Malli amakhala wotseka tsiku lonse, anthu n'kumamuyesa njere wamba, koma madzulo ake amafika. Usautaye mtimawo. Usunge ponyowa, nthawi yako yomasula ikubwera.